Chifukwa Chake Kaputeni Anatseka Chitseko

Mu Biwi monse munalibe munthu wosawadziwa mawu a Malizani, ngakhale nkhope yake ankaidziwa ndi anthu ochepa. Iye ndiye ankatanthauzira mafilimu akunja m'Chichewa. Mawu ake ankamveka m'mashopu ometera, m'nyumba zoonetsera mavidiyo, ngakhale m'mafoni a makondakitala akamadikira kuti minibasi idzaze. Ankajambulira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yoikira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, pafupi ndi siteji.

Lachiwiri lina masana, mu shopu imeneyi munalowa Mwanabibi, mpango wobiriwira utakulungidwa bwino kumutu, nkhope yosaseka. Anali mwana wamkazi yekhayo wa Che Lajabu, telala wodziwika m'deralo, ndipo sanali munthu woyenda m'mashopu a achinyamata. Pakauntala anapeza Dailesi, mtsikana amene ankaikira anthu mafilimu, akupenta zikhadabo.

"Ndikufuna ndionane ndi amene anatanthauzira filimu iyi," anatero Mwanabibi akuonetsa foni yake.

"Ngati ikudumphadumpha, vuto ndi foni yanu, asisi," Dailesi anayankha osadzutsa mutu.

"Sikudumpha. Ikunama."

Katani ya kuseri inagwedezeka. Munatuluka mnyamata wamtali, wowonda, mahedifoni ali pakhosi. Atangotsegula pakamwa, Mwanabibi anadziwa kuti ndi yemweyo.

"Ikunama ndi filimu kapena ndikunama ndine?"

"Inuyo."

Filimuyo inali ya zam'tsogolo. Dziko lathu litauma, chombo chachikulu cha m'mlengalenga chinanyamula anthu zikwi zinayi, atawagoneka tulo tofa nato, kupita nawo kudziko lina. Odzuka anali awiri okha, Kaputeni Ireni ndi mwamuna wake Yonasi. Panjira anatera padziko lofiira kuti atenge madzi oundana. Yonasi anatuluka, kenako anabwerera akuthamanga. Atafika pachitseko anaika dzanja pagalasi, zala ziwiri atazipinda, koma Ireni anangomuyang'ana n'kukhoma. Chombo chinanyamuka, mwamuna n'kutsala pafumbi. Filimu inkatha mayiyo atakhala pampando wake, osagwetsa ngakhale msozi umodzi.

Potanthauzira, Malizani anamupatsa mayiyo dzina loti Nankhanza. Pamalo otseka chitsekopo anafuula kuti, "Amuna anzanga, musanakwatire muziona kaye kuti makiyi akusunga ndani!" Biwi yonse inaseka, ndipo mkazi aliyense wokana kubwereketsa ndowa anayamba kutchedwa Nankhanza.

Mwanabibi anapisa m'chikwama n'kutulutsa buku lothothoka m'mbali. Pachikuto panali chithunzi cha chombo chomwecho.

"Ndinaligula kwa ogulitsa mabuku akale, ku Bwalo la Njobvu. Analilemba kuchokera pa filimu yomweyi. Mayi amene mwamunyozayo si wankhanza."

Malizani analitembenuza bukulo, akumwetulira. "Ngati analilemba kuchokera pa filimu, linganene chiyani chimene filimu sinanene? Mwana angamakumbutse mayi ake za tsiku lobadwa?"

"Kawerengeni mutu wachisanu ndi chimodzi. Mukamaliza mudzandiuze ngati mudzasekenso."

Anatuluka osatsanzika. Malizani anatsala ataima pakhomo, akuyang'ana mpango wobiriwira mpaka unasowa pakati pa maminibasi.

"Kodi ntchito lero yatha?" anafunsa Dailesi, akutseka botolo la penti mwamphamvu.

*

Mkati mwa chikuto cha buku lililonse, Mwanabibi ankalembamo dzina lake ndi nambala ya foni, kuti likasowa wolitola amuimbire. Patapita masiku awiri, akuthandiza mayi ake kuyanika zovala, foni inalira, uthenga utalowa.

"Asisi a buku, ndine wabodza uja. Dzulo minibasi inandipitiriza mpaka ku Area 25 chifukwa cha inu. Ndinaiwala kutsika pa Mgona, maso ali pa mutu wachisanu ndi chimodzi."

Mwanabibi anabisala kuseri kwa nsalu yonyowa kuti mayi ake asaone kumwetulira kwake.

"Ndiye mwapezamo chiyani?" analemba.

"Chingerezi cha m'buku n'cholimba. Ine sukulu ndinasiyira Folomu 3, cha m'mafilimu ndimangochigwira ndi khutu. Koma ndamva kuti fumbi la dziko lofiira lili ndi tizilombo todya mapapo. Likalowa m'chovala cha munthu, kagetsi ka buluu kamayaka pamkono. Munthu ameneyo akalowa m'chombo, onse ogona aja afa. Ndamva bwino?"

"Mwamva bwino. Pitirizani."

"Ndipo awiriwo anapangana asanatere. Amene kamuyakire asalowe. Kupinda zala ziwiri ndiye kuti tseka, usandimvere chisoni. Asisi, ndiye kuti Yonasi sankathamangira kulowa?"

"Ankathamangira kukaona nkhope ya mkazi wake komaliza."

 Kenako Malizani analemba: "Zimenezi bwanji mu filimu mulibe?"

"Werengani mawu oyamba a bukulo. Wolembayo anamupatsa mapepala a nkhani yonse filimu asanaidule. Ojambula anachotsa zigawo zina kuti isatalike, koma m'buku zinatsalamo. Komanso buku limalowa m'mutu mwa munthu. Kamera imangoima panja."

Kuyambira tsiku limenelo mauthenga sanathenso. Malizani akakumana ndi mawu ovuta ankawajambula n'kutumiza, Mwanabibi n'kumamasulira. Anakangana za galu amene anali m'buku koma mu filimu munalibe. Malizani anati mwina galuyo anakana kuvala chisoti cha m'mlengalenga, ndipo Mwanabibi anaseka mpaka mayi ake anasuzumira pawindo.

Chimene chinamugwira mtima Mwanabibi chinali chakuti mnyamatayo sankangovomera zilizonse. Tsiku lina analemba kuti: "Buku lanu landiphunzitsa, koma lili ndi pogonja. Latenga masamba atatu kufotokoza dziko lofiira, pamene filimu ikungokuonetsa kamodzi, mtima n'kuima. Ndipo palibe tsamba lingathe kunjenjemeretsa milomo ngati mmene mayi uja akuchitira. Ndinali ndisanaione milomoyo. Ndinatanganidwa ndi kuseketsa anthu."

Uthenga umenewo Mwanabibi anauwerenga kanayi. Pa anyamata onse amene ankawadziwa, panalibe amene anavomerapo kuti walakwa, n'kukhalabe ndi maganizo akeake.

*

Kunyumba nkhani inali ina. Yasir, mwana wa mnzawo wa Che Lajabu wa kumzikiti, anali atabwerako ku Joni kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwera ndi galimoto yoyera, n'kutsegula shopu ya zipangizo za magalimoto. Amalume ake anali atabwera kale kawiri kudzacheza ndi Che Lajabu, ndipo aliyense ankadziwa chimene ankachezera.

"Mwana uja ndi waulemu," mayi ake a Mwanabibi ankatero. "Mapemphero a swala saphonya, mowa sakhudza. Ukufunanso chiyani, mwanangu?"

Mwanabibi analibe choipa chonena za Yasir, ndipo ilo ndilo linali vuto.

Loweruka Yasir anamupeza akuchokera kumsika, n'kuimitsa galimoto. Mwanabibi sakanatha kukana kukwera anthu akuona.

"Mayi ako akuti masiku ano umangokhalira foni," anatero Yasir atanyamuka. "Umacheza ndi ndani, Bibi?"

"Timakambirana za buku."

"Buku lanji?"

Mwanabibi anayesa kufotokoza. Ananena za chombo, za fumbi, za mapangano a Ireni ndi Yonasi. Yasir ankagwedeza mutu, maso ali pamsewu.

"Filimu imeneyo ndinaionera ku Joni, pachinsalu chachikulu," anatero. "Yabwino pophulika zinthu. Koma zoti munthu aonere filimu, kenako akavutikenso ndi buku la filimu yomweyo, ndiye kutafuna nzimbe yotafuna kale. Ukadzalowa m'nyumba mwanga ndidzakugulira TV yodzaza khoma lonse. Mabuku sudzawafunanso."

Foni ya Mwanabibi inalira pamiyendo pake. Yasir anaponya diso. Dzina linaonekera bwinobwino: Wabodza.

"Wabodza ndiye ndani?"

"Mnzanga wa buku uja."

"Wamkazi?"

Mwanabibi anayang'ana pawindo. Yasir sanafunsenso, koma anayendetsa galimoto mwakachetechete mpaka pageti, ndipo potsanzika sanamwetulire.

Uthengawo unali wakuti: "Ndikufuna kuitanthauziranso filimu ija, moona tsopano. Koma pali china chimene sindingathe ndekha. Mungabwere?"

*

Mwanabibi anapita Lachisanu masana, abambo ake ali kumzikiti. Kachipindako kanali kothina, makoma atakhomamo makatoni a mazira kuti phokoso la panja lisamalowe. Munali kompyuta yakale, maikolofoni imodzi ndi mipando iwiri. Malizani anasiya katani yotsegula pang'ono, ndipo Mwanabibi anaona kuti wachita zimenezo pomulemekeza.

"Choyamba onani ichi," anatero Malizani. Anathamangitsa filimu mpaka pamene Yonasi akuika dzanja pagalasi, n'kuimitsa chithunzi. Pamkono wa chovalacho, pakona penipeni, kagetsi ka buluu kanali kakuyaka.

"Kalipo!" Mwanabibi anagwira pakamwa. "Ine ndinkayesa kuti anakachotsa."

"Kamayaka masekondi atatu okha. Filimuyi ndinaionera kasanu ndikuitanthauzira, osakaona. Ojambula sananame ayi, anangonong'ona. Buku lanu ndi limene landiuza koyang'ana." Anatsamira pampando. "Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi mutu womaliza. Zoti chombo chimamvetsera kugunda kwa mtima wa kaputeni."

"Eya. Akasweka mtima, makina amamulanda ulamuliro n'kudzutsa wachiwiri wake. Ndipo wachiwiriyo ndi mnzake wapamtima wa Yonasi. Akanabwerera kukatsegula."

"Ndiye mayi uja sankaloledwa ngakhale kulira. Ine n'kumamutcha Nankhanza pamaso pa Lilongwe yense." Malizani anapukusa mutu. "Pamalo amenewa filimu ili chete kwa mphindi ziwiri. Ndikufuna anthu amve zimene akuganiza, monga zilili m'buku. Koma mawu anga ndi aamuna, ndipo anthu akangowamva amayamba kuseka. Pakufunika mawu a mkazi."

"Ine ayi! Ababa atamva angandiphe."

"Situlutsa. Ndikungofuna ndimve mmene zingamvekere. Zikakhala bwino ndidzapeza mkazi wina wobwereza. Iyi idzakhala yanu yokha, ndikulonjeza."

Mwanabibi anayang'ana maikolofoni kwa nthawi yaitali. Ndime imeneyo anali ataimasulira kale mumtima mwake kambirimbiri. Anavala mahedifoni pamwamba pa mpango. Chithunzi chitayamba kuyenda, anatsitsa mawu n'kuyamba:

"Mwamuna wanga, ndakuona. Zala zako ndaziona. Usaope, sindilira. Ndikalira makinawa amva, adzutsa mnzako uja, ndipo iye atsegula, chifukwa amakukonda mosadziwa. Ine nditseka, chifukwa ndimakukonda modziwa. Yang'ana kuno, Yonasi, usachotse maso. Anthu zikwi zinayi adzadzuka kudziko latsopano, adzabereka ana, ndipo palibe adzadziwe kuti mpweya akupumawo unawapatsa ndiwe. Ine ndidzadziwa. Ndine wako, lero ndi kumene ndikupitako."

Atamaliza, anacheuka. Malizani anali atatembenukira kukhoma, akupukuta m'maso ndi kolala ya shati.

"Mafilimu opitirira mazana atatu ndatanthauzira," anatero. "Sindinamvepo Chichewa chikukoma chonchi."

"Ndi mawu a wolemba buku."

"Wolemba buku sadziwa Chichewa. Awa ndi anu." Anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. "Mwanabibi, ine ntchito yanga ndi kulankhulira anthu ena. Zanga zokha ndi zimene zimandikanika. Koma ndinena, zikhote zikhote. Ndimakukondani. Chiyambire tsiku lija munadzanditcha wabodza, ndikadzuka m'mawa ndimayamba ndaona foni ndisanasambe n'komwe."

Mwanabibi anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Inu mumapemphera Lamulungu, ine Lachisanu. Ababa sangafune n'kumva komwe. Komanso pali munthu amene akwawo ayamba kale kubwera kwathu."

"Sindinafunse za ababa anu, kapena za munthuyo. Ndafunsa za inu."

 Mwanabibi anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. Malizani anamupatsira buku lija, koma iye analikankhira m'manja mwake momwemo.

"Likhale kwa inu. Mabuku anga sindibwereketsa kawiri kwa munthu amene sindikufuna kudzamuonanso."

Potuluka anapeza Dailesi ataima pafupi ndi katani, manja atapinda pachifuwa.

"Asisi," anatero Dailesi motsitsa mawu, "ine ndakhala pano zaka zitatu. Akadwala malungo amene amathamanga ndi mankhwala ndine. Inu mwabwera dzulodzuloli ndi kabuku kong'ambika. Mpango wanuwo anthu amaulemekeza. Muziusamala."

Mwanabibi anamudutsa n'kutuluka mu shopumo.

*

Lachitatu lotsatira, mayi ake anamutuma kukagula anyezi ndi tomato. Akudutsa pa shopu yometera ya a Kings, anaona chigulu cha anthu chitaunjikana pakhomo. Amuna anali ataimirira, ena tsitsi litametedwa mbali imodzi. Amayi ogulitsa mandasi anali atasiya mabeseni awo. Panalibe woseka. Kenako pa sipika panamveka mawu a mkazi:

"Mwamuna wanga, ndakuona. Zala zako ndaziona."

Mwanabibi anangoti njo pakati pa msewu. Wanjinga wina anachita kumukhotera akutukwana, iye osamva.

"Kani mayi ujatu tinkangomunamizira!" anatero bambo wina filimu itatha. "Ine mkazi wanga ndakhala ndikumutcha Nankhanza mwezi wathunthu."

"Kagetsi kaja mwakaona? Akuti zonsezi zili m'buku," anatero wina. "Bukulo likupezeka kuti?"

Mayi wina wachikulire ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Koma mwana amene walankhulayo! Mawu ngati akukusisita pamtima. Ndi wa kuti ameneyu?"

Kwa kamphindi, pansi pa mantha onsewo, Mwanabibi anamva kukoma kumene anali asanakumvepo. Mawu ake anali atatontholetsa msewu wonse wa Biwi.

"Dzinatu amalitchula koyambirira," anatero a Kings. "Dikirani ndibwezere."

Ndipo panamveka mawu a Malizani, opanda nthabwala, ofewa ngati akulankhula ndi munthu mmodzi yekha: "Iyi ndi yako, Mwanabibi, mwana wa Che Lajabu. Unanditsegula maso pa filimu iyi, ndi pa zina zambiri. Ndidikira yankho lako ngakhale zitatenga zaka."

Mitu inayamba kutembenuka. Wina analoza ndi chala. Mwanabibi anakokera mpango kumaso n'kuthamangira m'kanjira ka pakati pa nyumba. Ataima kuseri kwa mpanda wina, anaimbira foni Malizani.

"Munalonjeza!"

"Mwanabibi, ndimvereni kaye. Ndangomva kumene. Ndili ku Mgona chiyambire Lolemba, amayi akudwala. Yatsopano ija ndinakonzera inu nokha, ndimati ndikupatseni pamanja. Ndinaisiya mu kompyuta."

"Ndiye inamera miyendo?"

"Dailesi akuti kasitomala anafuna filimu yakale ija, iye n'kusokoneza n'kumuikira yatsopanoyo. Akuti waikira anthu oposa makumi atatu asanazindikire."

"Kusokoneza? Dzina langa lili poyamba penipeni! Kapena munagwirizana? Mwaona kuti yakoma, mwati dzina lanu likwere, la ine ligwe m'matope."

"Mukundiganizira zimenezo?"

"Sindikudziwanso choganiza. Inu mawa mudzuka muli katswiri. Ine ndidzuka ndili mtsikana amene anatsekeredwa m'kachipinda ndi mwamuna, n'kumamutcha mwamuna wanga."

"Ndikubwera. Ndikafotokoza ndekha kwa ababa anu."

"Musayerekeze! Mukafika kwathu ndiye mwandimaliza."

Anadula foni. Inaliranso katatu, iye osayankha. Anafika kunyumba wopanda anyezi, wopanda tomato, n'kukadzitsekera kuchipinda.

*

Che Lajabu anaweruka msanga tsiku limenelo. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni anali atakhala kale pakhonde, tepi yoyezera ikadali pakhosi. Anaitana mwana wawo ndi mawu abata, ndipo bata limenelo linamuopsa Mwanabibi kuposa kukalipa. Anagwada pamkeka. Mayi ake anakhala pakhomo, maso ali ofiira.

"Yasir anabwera kushopu," anayamba Che Lajabu. "Anandipatsa foni yake kuti ndimve chiyambi chokha. Ine ndinati ayi, nsalu sitidula tisanaiyale yonse. Ndaionera filimu yonse, maola awiri, makasitomala akudikira."

Mwanabibi anaweramitsa mutu.

"Yoyamba ija ndinaionerako kwa a Kings ndikumetetsa. Nanenso ndinamutukwana mayi uja. Lero ndapezeka ndikupepesa mumtima kwa munthu woti kulibe." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Zonse zija, za fumbi, za kagetsi, unazipeza m'mabuku ako aja?"

"Eya, Ababa."

"Ndipo Chichewa chija unalumikiza wekha?"

"Eya."

"Sukulu ija sinapite pachabe. Walankhula bwino, mwanangu. Msoko wake ndi wowongoka, sindinapezepo pokhota. Ukanakhala kuti unalankhula pawailesi, ndikanayenda Biwi yonse ndikuuza anthu kuti ameneyo ndi wanga."

Misozi inayamba kutsika pamasaya a Mwanabibi. Anali asanamvepo abambo ake akumuyamikira chotero.

"Koma sunalankhule pawailesi," anapitiriza Che Lajabu, mawu akuuma. "Unalankhula m'kachipinda, Lachisanu, ine ndili kumzikiti. Ndipo ine ndakhala m'banja zaka makumi atatu, ndimadziwa kusiyana kwa munthu amene akuwerenga ndi amene akunena za mumtima. Mawu aja sunkauza mzungu wa pagalasi. Ndikunama?"

Mwanabibi anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Ndi Msilamu?"

"Ayi, Ababa."

Mayi ake anafuula pang'ono n'kugwira kumutu.

"Akwawo a Yasir ndi anthu abwino," anatero Che Lajabu. "Akanatha kubweza mawu awo lero lomwe, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma Yasir wati akukufunabe. Chimene apempha n'chakuti nikaha ya ukwati wanu isadikirenso chaka chamawa. Ichitike mwezi uno usanathe. Pakadali pano, mawa m'mawa ukwera basi kupita ku Ntaja kwa azakhali ako, ukakhale kumeneko mpaka Biwi itapeza nkhani ina yotafuna. Foniyo apatse mayi ako."

"Ababa, chonde, ndimvereniko."

"Ndakumvera maola awiri. Foni."

Mwanabibi anaipereka ndi manja awiri. Ikusintha manja inayaka, dzina lija n'kuonekera, Wabodza, ndipo mayi ake anaitembenuza msanga n'kuibisa m'chitenje.

Nthawi yomweyo geti la malata linagogodwa katatu.

"Odi kuno! Odi kwa Che Lajabu!"

 Mayi ake anayang'ana kugeti, kenako kwa amuna awo. "Ndani ameneyo? Akwawo a Yasir anati abwera dzuwa likalowa."

"Si akwawo a Yasir," anatero Che Lajabu. "Mawu amenewo palibe mu Biwi muno angawasokoneze."

Anavula tepi pakhosi n'kuipinda bwinobwino. Anatenga kofia yawo pampando n'kuivala. Mwanabibi anafuna kudzuka, koma iwo anatambasula dzanja.

"Iwe khala pomwepo. Mlendo uyu ndi wanga."

Akutsika pakhonde, kumsewu kunamveka kulira kwa galimoto ikuchepetsa liwiro, ndipo pamwamba pa mpanda panaonekera denga loyera likuima pafupi ndi geti lomwelo.